Mwana wanga akuti akasiya kuda nkhawa alephera mayeso

NaPhiri:
Makolo anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mtsikana wa zaka 13, ali Sitandade 8, chaka chino alemba mayeso a PSLCE. M'kalasi amakhoza bwino ndithu, koma kuyambira teremu yoyamba wasintha. Usiku sagona. Ndikadzuka cha m'ma 1 koloko ndimaona tochi ikuwala m'bulangete, ndimayesa akuwerenga, koma ndikavundukula ndimapeza kope lili chitsekere, iye maso ali kudenga. M'mawa phala amangolawa masupuni awiri, akuti m'mimba mukupota. Kuchipatala tapita kawiri, malungo alibe, magazi ali bwino.

Dzulo tinakhala pakhonde tikusankha nyemba, ndinamufunsa mofatsa. Anandiuza zinthu ziwiri zimene zandisowetsa mtendere. Poyamba anati, "Amayi, ndikasiya kuda nkhawa ndilephera. Ndikagona osaganiza za mayeso ndiye kuti ndatayirira." Kenako anakhala duu nthawi yaitali, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati n'zoona kuti munthu woganiza kwambiri amapenga. Akuti maganizo ake sakuima ngakhale awaletse bwanji, ndipo akuopa kuti mutu wayamba kusokonekera. Misozi inkagwera m'lichero.

Mwana yemweyo nkhawa akuikakamira, komanso akuiopa. Ndimuuze chiyani?

Bambo wa ku Ntcheu:
Mayi, pepani ndi zimenezi. Koma ine ndinene zoona, mwana wanuyo ndi wanzeru. Ana ambiri masiku ano mayeso ali mawa iwo ali ku vidiyo. Ine MSCE ndinakhoza chifukwa cha mantha. Ndinkaviika miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisandibe, ndikuganiza za khasu limene linkandidikira kumudzi ndikalephera. Nkhawa yomweyo ndi imene inandifikitsa pano. Mulimbikitseni, mayeso akatha zonsezi zitha zokha.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Bambo, ndakumvani, koma ndikufunseni. Usiku umene munkaviika miyendo m'madzi uja, munkawerenga kapena munkayang'ana kudenga? Chifukwa mayiwa anena kuti kope lili chitsekere. Ine ndaphunzitsa Sitandade 8 zaka zambiri, ndipo ana otere ndimawadziwa. Chaka chilichonse pamakhala mmodzi kapena awiri. Tsiku la mayeso oyeserera amafika maso ali psuu, samu imene dzana anaichita pabolodi osalakwitsa lero akungoiyang'ana, pensulo ikunjenjemera. Inu chimene chinakukhozetsani ndi kuwerenga. Nkhawa inangokhala nanu pambali, n'kulandira ulemu wa ntchito imene sinagwire.

Bambo wa ku Ntcheu:
Ndinkawerenga ndithu, aphunzitsi. Koma popanda manthawo ndikanawerenga?

Anesi a zamaganizo:
Funso limeneli ndi lofunika, bambo, ndipo ndilibwerera. Ndiyambe ndi a NaPhiri.

Mayi, mwachita bwino kumufunsa mwanayo m'malo mongomukalipira kuti azigona. Zinthu ziwiri zimene wakuuzanizo akatswiri a zamaganizo anazifufuza kale, ndipo zimayendera limodzi. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Manchester ku England, Adrian Wells, anafotokoza mu 1995 kuti chimene chimasandutsa nkhawa wamba kukhala matenda si kuchuluka kwa zinthu zodetsa nkhawa ayi, koma zimene munthu amakhulupirira zokhudza nkhawayo.

Iye anati zikhulupirirozo zili mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi woiyamikira nkhawa: imandithandiza kukonzekera, imanditeteza, ndikaganizira choipa chisanachitike sichindidzidzimutsa, munthu wosamala amayenera kuda nkhawa. Mwana wokhulupirira zimenezi, ganizo lakuti "nanga ndikalephera?" likangobwera, salileka lidutse. Amaligwira n'kuyamba kulitafuna, chifukwa kwa iye kutafunako ndi ntchito yofunika.

Mtundu wachiwiri ndi woiopa nkhawa: sindingathe kuiletsa, idzandipengetsa, idzandidwalitsa. Apa mwana wayamba kuda nkhawa chifukwa choti akuda nkhawa. Poyamba ankaopa mayeso, tsopano akuopa mutu wake womwe. Mayeso ali ndi tsiku lake lothera, koma mutu amagona nawo n'kudzuka nawo. Mtima ukagunda kwambiri kapena m'mimba mukapota, iye amati "waona, zayamba," mantha n'kukwera, thupi n'kuwonjezera zizindikiro, basi zikungozungulira.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi zoti mayeso akatha zitha zokha. Mayeso akatha adzadikira zotsatira. Zikatuluka adzadikira kusankhidwa. Akasankhidwa kubwera Folomu 1, kenako JCE. Chodetsa nkhawa chimasintha, chikhulupiriro chimakhala pomwepo.

Bambo, pa funso lanu lija: mantha pang'ono amene amadzutsa munthu kuti atenge buku ndi abwino, tonse tili nawo. Muyeso wake ndi uwu: kodi akukutumani kukachita chinthu, ndipo mukachichita amatsika? Ngati mwana wawerenga mokwanira koma mantha sakutsika, sakugona, sakudya, ndiye kuti sakumuthandizanso.

NaPhiri:
Anesi, mwafotokoza ngati munali pakhonde paja. Koma mwana wa zaka 13 zoterezi amazitenga kuti?

Wophunzira ku koleji:
Amayi, ndiloleni ndiyankheko ngakhale ndine mwana pagulu pano. Amazitenga kwa ife tomwe pakhomo. Ine ndili Folomu 1 agogo anga ankandipeza nditakhala ndekha kuseri kwa nkhokwe, dzanja lili patsaya, n'kunena kuti, "Chotsa dzanja patsaya, ukamaganiza kwambiri udzapita ku Zomba." Ankanena mwachikondi, ankafuna ndipite kukasewera. Koma ine mawuwo ndinawasunga. Pamsika pathu panali bambo wina wodwala misala amene ankatola mapepala, ndipo anthu ankati anali wanzeru kwambiri kusukulu, anapenga ndi kuganiza. Ndikamuona thupi lonse linkazizira. Ndinkadziyesa ndekha usiku, kuwerenga manambala chobwerera m'mbuyo, kuti ndione ngati mutu ukugwirabe ntchito. Ndinakhala choncho zaka zitatu osauza munthu, chifukwa ndinkaopa kuti ndikanena andimanga zingwe.

Pakhomo pomwepo amalume ankati mwana wosada nkhawa ndi tsogolo lake ndi chitsiru. Ndiye tangoganizani, mbali iyi akuti ukapanda kuganiza ndiwe chitsiru, mbali inayo akuti ukaganiza upenga.

NaPhiri:
Mwana wanga, wandilasa mtima. Mawu akuti "udzapenga" ine ndawanenapo kwa mtsikanayu, osati kamodzi. Komanso ndimakonda kunena kuti "mudzandikwezetsa BP ndi maganizo." Ndipo bambo ake akachedwa kubwera ndimayendayenda pabwalo ndikutchula ngozi zonse za pamsewu mokweza, iye akumva. Akafika bwino ndimati "nkhawa yanga yonse ija." Mwina mwanayu amaona ngati kuyendayenda kwanga ndi kumene kwawafikitsa.

Anesi a zamaganizo:
Musadziweruze mayi, mawu amenewa tonse tinakula nawo. Chabwino n'chakuti mwana amene anamva kwa inu kuti nkhawa imapengetsa angathenso kumva kwa inu kuti si zoona. Ndipo si zoona. Kuda nkhawa, ngakhale kwambiri, sikusanduka misala. Matenda amene amachititsa munthu kumva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuona ndi ena, ali ndi zoyambitsa zake, ndipo nawonso ali ndi chithandizo. Nkhawa imatopetsa, imalanda tulo, imapweteketsa mutu ndi m'mimba, imathamangitsa mtima, koma mwana wanu sakupenga. Mumuuze zimenezi momveka, mukumuyang'ana m'maso.

Funso lanu la zaka lija nalonso linafufuzidwa. Wells ndi mnzake Sam Cartwright-Hatton anakonza mafunso oyezera zikhulupirirozi kwa akuluakulu mu 1997. Mu 2004 Cartwright-Hatton ndi anzake anawasintha kuti agwire ntchito kwa achinyamata a zaka 13 mpaka 17, ndipo anapeza kuti pa msinkhu umenewu zikhulupirirozi zimakhala zilipo kale monga mwa akulu, ndipo amene anali nazo zambiri analinso ndi nkhawa yambiri. Mu 2009 ofufuza a ku Boston ku America anakonza ena a ana kuyambira zaka 7. Chimene chimaonekera mobwerezabwereza m'kafukufuku wa ana n'chakuti mtundu wachiwiri uja, wakuti "sindingailetse, idzandivulaza," ndi umene umagwirizana kwambiri ndi matenda a nkhawa. Zoiyamikira nkhawa zimapezeka ngakhale mwa ana amene alibe vuto. Ndiye pa ziwiri zimene mtsikana wanu wanena, yambani ndi ya kupengayo.

Mkulu wa mpingo:
Ndawerenga zonse ndipo pali mbali ina imene ikundikhudza ineyo. Timaphunzitsa ana a Sande sukulu mawu a pa Mateyu 6, onena za mbalame ndi maluwa, kuti asadere nkhawa za mawa. Mawuwo ndi otonthoza. Koma mnyamata wina wa m'kalasi la chikhristu anabwera kwa ine akunjenjemera, akuti iye ndi wochimwa kwambiri chifukwa wapemphera koma nkhawa sikuchoka, ndiye kuti alibe chikhulupiriro ndipo Mulungu amulanga. Ankapemphera mobwereza kakhumi, akalakwitsa liwu limodzi ayambirenso. Ndinazindikira kuti mmene tinkaphunzitsira, mawu otonthoza tinawasandutsa lamulo loti akalephera alangidwe. Tsopano ndimawauza kuti ganizo lodetsa nkhawa kubwera m'mutu si tchimo, ndipo ngakhale anthu okhulupirika amachita mantha.

Anesi a zamaganizo:
Zikomo abambo. M'mafunso aja muli gawo lenileni la zimenezi: kukhulupirira kuti maganizo ena ndi oletsedwa, kuti ukaganiza choipa chichitika kapena ulangidwa, ndiye uyenera kuwalondera maganizo ako nthawi zonse. Mnyamata wobwereza pemphero kakhumiyo ndi bwino aonedwe ndi achipatala, chifukwa kubwereza zinthu motero nthawi zina ndi matenda ena apadera amene ali ndi chithandizo chake.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Pa nkhani yoletsa maganizo, ine ndili ndi kasewero kamene ndimachita ndi ana. Ndinakatengera pa kafukufuku wa Daniel Wegner wa mu 1987, amene anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo chikabwera m'mutu aziliza belu. Belu linkangolira. Ana athu chimbalangondo sachidziwa, ndiye ndimati, "Tsekani maso. Kwa mphindi imodzi, aliyense asaganize za mbuzi yovala nsapato. Ikabwera m'mutu, menyani desiki." Sipatha masekondi asanu kalasi yonse ili phokoso, ana akuseka. Ndikatero ndimawafunsa kuti, kodi nonsenu mitu yasokonekera? Amati ayi. Ndiye ndimawauza kuti mutu wa munthu aliyense ndi mmene umachitira, ganizo ukalithamangitsa limabwerera. Mwana amene ankayesa kuti iye yekha ndi amene maganizo ake samumvera amaona anzake 80 akumenya madesiki ngati iye.

Ndiye mayi, mawu akuti "ingosiya kuganiza" musamuuze. Akayesa n'kulephera, umakhala umboni kwa iye woti zoonadi sangathe.

NaPhiri:
Ndiye ndichite chiyani m'malo mwake? Usiku uno tochi iyakanso.

Anesi a zamaganizo:
Zilipo zimene mungayambe kunyumba.

Mufunseni funso ili: "Ukakhala pakati pa maganizo, ine n'kukuitana kuti ndiwo zikupserera, kapena mnzako wafika kuti mukasewere fulaye, nkhawa ija imapita kuti?" Ana ambiri amadabwa n'kuyankha kuti imayamba yaima. Ngati imaima ndiwo zikamapserera, ndiye kuti si yosaletseka. Musamuuze yankho, alipeze yekha.

Kenako mugwirizane nthawi ya nkhawa. Njirayi anaiyambitsa Thomas Borkovec ndi anzake ku America mu 1983. Musankhe nthawi imodzi tsiku lililonse, mwina akaweruka kusukulu atadya, osati pogona, mphindi 10 kapena 15 zikwana kwa mwana. Ganizo likabwera nthawi ina, asalimbane nalo ndipo asalitsatire. Angoti, "ndakuona, tikumana 4 koloko," n'kubwerera ku zimene amachita. Izi n'zosiyana ndi mbuzi ya aphunzitsi ija. Ganizo kubwera sitingaliletse, koma kukhala pansi n'kuyamba kukambirana nalo tingathe kuchedwetsa. Zili ngati mlendo wogulitsa zinthu amene waodira inu mukuphika: mwamumva, koma simunamuyalire mphasa. Nthawi ija ikakwana, zambiri amapeza zazirala. Zotsalazo muzione limodzi: iyi ili ndi chochita, monga samu za ma fraction zimene zikumuvuta, tikapempha aphunzitsi; iyi ilibe chochita lero, tiisiye.

Za "ndikasiya ndilephera" musatsutsane naye, muyese. Sabata imene kuli mayeso ang'onoang'ono a m'kalasi, awerenge monga mwa masiku onse, koma usiku wake nkhawa aichedwetse n'kugona. Aone yekha malikisi ake. Ku Copenhagen ku Denmark, Barbara Hoff Esbjørn ndi anzake anagwiritsa ntchito njira zoterezi pothandiza ana a zaka 7 mpaka 13 m'magulu, makolo nawo akuphunzitsidwa, ndipo ana ambiri anapeza bwino.

Chomaliza n'chovuta kwa kholo. Akamafunsa kakhumi kuti "Amayi, ndikhoza?" musayankhe kakhumi. Yankho limamutonthoza mphindi zochepa, kenako amafunanso lina, ndipo amaphunzira kuti sangakhale ndi funso lopanda yankho. Muyankheni kamodzi ndi mtima wonse, kachiwiri mumukumbatire n'kunena kuti, "Ili ndi funso la 4 koloko lija."

NaBanda wa ku Chilobwe:
Achemwali anga, ine nkhani yanga ndi yosiyana pang'ono, koma ndinene. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anadutsa pafupi ndi kwathu usiku. Ife tinapulumuka, anansi athu ena ayi. Mnyamata wanga anali ndi zaka 9. Mpaka pano mvula ikangoyamba kugunda pamalata usiku, amadzuka n'kukhala tsonga pafupi ndi chitseko, nsapato atavala. Ndikamuuza kuti agone amati, "Tsiku lija tonse tinagona. Ndikagona ndani amve?" Iye amakhulupirira kuti kukhala maso kwake n'kumene kukutisunga. Kukacha tili bwino amati mwaona. Ndiye mwana uyu ndingamuuze bwanji kuti nkhawa ilibe ntchito, pamene anaona ndi maso ake?

Anesi a zamaganizo:
Pepani kwambiri mayi. Ameneyu musamuuze kuti palibe choopsa, chifukwa anachiona ndipo sangakukhulupirireni. Chikhulupiriro chake n'chofanana ndi chija choyamba, chakuti nkhawa yanga ikuteteza banja, koma muzu wake ndi zoopsa zimene anadutsamo, ndipo zimenezi zimafuna thandizo la akatswiri. Ku Blantyre yambirani pa chipatala cha pafupi, mupemphe kuonana ndi a zamaganizo, akutumizani koyenera.

Kunyumba, mulandeni udindo wa ulonda. Mwana wa msinkhu umenewo wasenza katundu wa akulu. Khalani pansi banja lonse masana, mugwirizane: za nyengo timamvera pa wailesi, akachenjeza za mvula yoopsa tidzapita kwa achibale akuti, tochi ili apa, amene amamvetsera usiku ndi amayi ndi abambo. Mumuuze kuti, "Ntchito imeneyi ndi yathu, taitenga." Aone kuti chimene chimateteza ndi dongosolo, osati kusagona kwake.

Izi zikundikumbutsa chinthu chimene ndimayenera kunena poyamba kwa tonse. Musanaganize kuti vuto ndi zikhulupiriro, funsani ngati pali chenicheni chimene chikumuopseza mwana: kumenyedwa kapena kunyozedwa kusukulu, munthu wamkulu amene akumugwiragwira, ndewu za pakhomo, njala, fizi. Mwana amene akuchitiridwa nkhanza safunika nthawi ya nkhawa, afunika kutetezedwa. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya nkhani za ana.

Achemwali a ku Harare:
Moni nonse kumudzi. Ife kuno anzathu achishona amati kufungisisa, ndi kuganiza kwambiri komweko. Dokotala wina wa zamaganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench kuno ku Mbare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu. Chimene ndimakonda n'chakuti mawu akuti kufungisisa anawasandutsa khomo lolowera. Munthu sachita manyazi kunena kuti ndikuganiza kwambiri, ndipo agogowo samuopseza, amamuthandiza kusankha vuto limodzi n'kuona chochita. Mawu athu akuti kuganiza kwambiri ndi abwino, mwana amawamva msanga. Cholakwika ndi mchira umene timaikako wakuti "udzapenga."

Bambo wa ku Ntcheu:
Ndakhala chete ndikuwerenga. Sindinasinthe maganizo pa zoti mwana ayenera kudziwa kuti moyo ndi wovuta, ndipo ana anga ndipitiriza kuwauza zimenezo. Koma mnyamata wanga wa Folomu 2 amatafuna zikhadabo mpaka magazi, ndipo ine ndakhala ndikumuyamikira pamaso pa azing'ono ake kuti uyu ndiye woganiza. Anesi, tingadziwe bwanji kuti pafika popita kuchipatala?

Anesi a zamaganizo:
Bambo, yang'anani zinthu zitatu: kutalika kwa nthawi, kukula kwake, ndi zimene yamulanda. Pa matenda a nkhawa yosatha, madokotala amaona ngati mwana wakhala akuda nkhawa masiku ambiri kwa miyezi 6, pa nkhani zosiyanasiyana, ndipo akulephera kuiletsa. Kwa munthu wamkulu amafuna zizindikiro zitatu mwa izi: kusakhazikika, kutopa msanga, kulephera kuika maganizo pa chinthu, kupsa mtima msanga, kuuma kwa minofu, kusowa tulo. Kwa mwana chimodzi chokha chikwana. Koma simukuyenera kudikira miyezi 6. Ngati wayamba kujomba kusukulu, kuonda, kusiya anzake, pitani. Akangotchula zofuna kufa kapena kudzivulaza, pitani tsiku lomwelo ndipo musamusiye yekha.

Si vuto la ana ochepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2019 ana ndi achinyamata 58 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa. Kwathu kuno zipatala za m'maboma zimakhala ndi anamwino kapena madokotala a zamaganizo, komanso kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi chipatala cha Zomba. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wapenga. Ambiri amathandizidwa ndi kucheza kokha, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Mnyamata wanuyo yambani ndi kumufunsa mafunso awiri, muli awiriwiri, mwina popita kudimba: "Ukuganiza kuti nkhawa imakuthandiza chiyani?" ndi "Ukuopa kuti ingakuchite chiyani?" Mukafunsa mukhale chete, ayankhe.

NaPhiri:
Ndabweranso patatha masiku anayi. Usiku womwe uja ndinalowa kuchipinda kwake, ndinakhala pamphepete pa bedi, ndinamuuza kuti mawu aja akuti udzapenga ndinalakwitsa, si zoona, ndipo ndafunsa kwa anesi. Anandifunsa kawiri kuti "zoona, amayi?" Ndinati zoona. Anapumira m'mwamba, n'kundipatsa tochi yekha.

Mbuzi yovala nsapato tinaichita tonse ndi azichimwene ake pa chakudya chamadzulo, aliyense ankamenya tebulo, ngakhale bambo ake. Nthawi ya nkhawa taika 4 koloko pansi pa mtengo wa mango, ali ndi kakope kake. Tsiku loyamba analemba zinthu 11, dzulo 6. Sindinganene kuti wachira. Lachiwiri anadzukabe usiku, ndipo zoti akasiya kuda nkhawa alephera akuzigwirabe, akuti ayesa sabata yamawa pa mayeso a Chichewa chifukwa ndi amene samuvuta, koma a samu ayi. Phala lero wamaliza theka.

Anesi, Loweruka ndi Lamlungu nthawi ya 4 koloko ija tizichitabe, kapena tizipumira?

Anesi a zamaganizo:
Muzichitabe mayi, masiku onse, kwa masabata angapo. Tsiku limene wafika pansi pa mango n'kunena kuti lero ndilibe cholemba, musamukakamize, apite akasewere. Mayeso a Chichewa ayambire omwewo, a samu adzasankha yekha nthawi yake. Ngati pofika kumapeto kwa mwezi tulo ndi kudya sizinabwerere, mupite naye kuchipatala, ndipo kakope kaja mukatenge.